Mavitamini, Zitsamba ndi Mankhwala Oletsa Magazi Kuundana: Mafunso ndi Mayankho

Odwala ambiri amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana amamwanso zinthu zina zimene dokotala sanawalembere, monga mapiritsi a mavitamini, makapisozi a mafuta a nsomba, ufa wa masamba ndi tiyi wa zitsamba. Zinthu zimenezi zimatchedwa zowonjezera pa chakudya kapena masapulimenti, ndipo popeza zimagulidwa popanda chikalata cha kuchipatala, wodwala saziwerengera m'gulu la mankhwala, motero sazitchula akafunsidwa zimene akumwa.

Kodi mankhwala oletsa magazi kuundana amagwira ntchito bwanji, ndipo amaperekedwa kwa ndani?

Munthu akatemeka, thupi limatseka bala m'njira ziwiri zimene zimayendera limodzi. Choyamba, timaselo tating'ono ta m'magazi totchedwa mapulateleti timasonkhana pabalapo ndi kumatirirana. Kenako mapuloteni ena opangidwa m'chiwindi amaluka ulusi umene umalimbitsa chotsekacho. Mankhwala monga aspirin ndi clopidogrel amafooketsa kumatirirana kwa mapulateleti, pamene warfarin, heparin ndi mankhwala atsopano monga rivaroxaban, apixaban ndi dabigatran amachedwetsa ntchito ya mapuloteni aja. Palibe mwa mankhwalawa amene amasandutsa magazi kukhala amadzimadzi kapena kuwachepetsa m'thupi, monga ena amaganizira; chimene amachita ndi kutalikitsa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Amaperekedwa kwa anthu amene magazi awo anaundanapo m'mitsempha ya m'miyendo kapena m'mapapo, kwa amene mtima wawo umagunda mosokonezeka mwakuti mibulu ya magazi ikhoza kupangika m'kati mwake n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, ndiponso kwa amene anaikidwa vavu yachitsulo, kutanthauza kachitseko kochita kupanga kolowa m'malo mwa kachitseko ka mtima kamene kanawonongeka.

Nanga chinthu chachilengedwe chingasokoneze bwanji mankhwala a kuchipatala?

Mbiri ya warfarin yeniyo ikuyankha funsoli. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za kumpoto kwa United States ndi ku Canada zinayamba kufa ndi kukha magazi kosalekeza, ndipo dokotala wa ziweto Frank Schofield anapeza kuti gwero lake linali msipu wouma wa chomera chotchedwa sweet clover umene unachita chuku. Gulu la Karl Paul Link pa yunivesite ya Wisconsin linazindikira mu 1940 chinthu chimene chinkapha ng'ombezo, chotchedwa dicoumarol, ndipo pa maziko a chinthu chimenechi panapangidwa warfarin, amene anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala a makoswe mu 1948 asanaloledwe kuperekedwa kwa anthu mu 1954. Choncho mankhwala amene odwala amawaopa chifukwa ndi "a kufakitale" anachokera ku chomera cha kubusa, ndipo thupi silisiyanitsa chinthu chochokera m'tsamba ndi chochokera m'piritsi. Chowonjezera pa chakudya chikhoza kulimbana ndi mankhwalawo mwachindunji, monga amachitira vitamini K; chikhoza kufulumizitsa kapena kuchedwetsa chiwindi pa ntchito yake yophwanya mankhwala, kotero kuti m'magazi mutsale ochepa kapena ochuluka kuposa mlingo wofunika; chikhozanso kufooketsa mapulateleti pachokha, n'kuwonjezera mphamvu yake pamwamba pa ya mankhwala. Ngozi ili mbali zonse ziwiri: mankhwala akachuluka mphamvu munthu amakha magazi, akachepa mphamvu magazi amaundana ndipo sitiroko ikhoza kutsatira.

Kodi INR imene amayeza kuchipatala ndi chiyani?

INR ndi nambala yosonyeza kutalika kwa nthawi imene magazi a munthu amatenga kuti aundane poyerekeza ndi magazi a munthu wosamwa mankhwala, amene nambala yake imakhala pafupi ndi 1. Kwa odwala ambiri a warfarin madokotala amafuna kuti ikhale pakati pa 2.0 ndi 3.0, ndipo kwa ena a mavavu achitsulo, makamaka vavu yotchedwa mitral, pakati pa 2.5 ndi 3.5. Mpata umenewu ndi wopapatiza, ndipo mlingo wa warfarin umene umaufikira umasiyana kwambiri pakati pa anthu, mwina chifukwa cha chibadwa, msinkhu, thanzi la chiwindi kapena kadyedwe. Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti INR siisintha tsiku lomwelo: pamapita masiku angapo kuti kusintha kwa mlingo kapena kwa kadyedwe kuonekere, chifukwa mapuloteni amene anapangidwa kale amayenera kutha kaye m'magazi. N'chifukwa chake munthu akhoza kuyamba kumwa chitsamba Lolemba, n'kudzimva bwino sabata yonse, vuto n'kudzaonekera sabata yachiwiri pamene iye waiwala kale kuti pali chimene anasintha.

Kodi womwa warfarin ayenera kusiya ndiwo zamasamba?

Ayi, ndipo chikhulupiriro chakuti ayenera kutero chavutitsa odwala ambiri popanda chifukwa. Vitamini K, amene anatulukiridwa ndi wasayansi wa ku Denmark Henrik Dam pofufuza anapiye amene ankakha magazi, ndi amene chiwindi chimagwiritsa ntchito pomaliza kupanga anayi mwa mapuloteni oundanitsa magazi, odziwika ndi manambala II, VII, IX ndi X. Thupi limagwiritsa ntchito vitamini ameneyu mobwerezabwereza, ndipo warfarin amatsekereza njira imene vitaminiyo amakonzedwera kuti agwirenso ntchito. Motero munthu akadya vitamini K wambiri kuposa masiku onse, mphamvu ya warfarin imatsika. Akadya wochepa kwambiri, imakwera. Masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, mpiru, repu ndi sipinachi ali ndi vitamini K wochuluka, ndipo mbale imodzi ya bonongwe ikhoza kupitirira kutali mlingo wa mamaikulogalamu 90 kwa amayi ndi 120 kwa abambo umene akatswiri a ku United States amati ndi wokwanira pa tsiku. Komabe mlingo wa warfarin umakonzedwa motsatira kadyedwe ka munthuyo, choncho amene amadya masamba tsiku lililonse amangopatsidwa mlingo woyenerana ndi kadyedweko. Ofufuza anaonanso kuti odwala amene amadya vitamini K wochepa kwambiri ndi amene INR yawo imakonda kukwera ndi kutsika, popeza thupi lopanda nkhokwe ya vitaminiyo limagwedezeka ndi kusintha kulikonse. Chimene chimafunika ndi kusasinthasintha, ndipo apa nyengo ili ndi gawo: banja limene limadya nkhwani, chisoso ndi bonongwe kawiri pa tsiku m'dzinja koma n'kudalira nyemba ndi usipa m'chilimwe lasintha vitamini K wake popanda kuganizira, ndipo wodwala wa m'banjalo amayenera kuyezetsa INR nyengo zikamasinthana.

Kodi mapiritsi a mavitamini wamba ali ndi vuto?

Zimatengera zimene zili m'botolomo. Mapiritsi ambiri ophatikiza mavitamini amakhala ndi vitamini K pang'ono, ndipo kwa munthu amene sadya masamba kwenikweni, mlingo waung'onowo ukhoza kutsitsa INR. Ovuta koposa ndi masapulimenti olimbitsa mafupa amene amasakaniza kashiamu, vitamini D ndi vitamini K2, makamaka mtundu wotchedwa MK-7, umene umakhalitsa m'magazi masiku angapo ndipo umafooketsa warfarin ngakhale pa mlingo wochepa. Ku Japan odwala a warfarin amaletsedwa kudya natto, chakudya cha soya wofufumitsa chodzala ndi MK-7, komanso kumwa chlorella, ufa wa ndere zobiriwira. Mfundo yomweyo ikukhudza ufa uliwonse wa masamba ouma, kuphatikizapo wa chamwamba umene wafala m'misika, chifukwa supuni imodzi ya ufa imaimira masamba ambiri ndipo anthu amaumwa mwa apo ndi apo. Vitamini E amachita mosiyana: pa mlingo waukulu wa m'makapisozi amalimbana ndi vitamini K ndipo amawonjezera chiopsezo cha kukha magazi, pamene amene amapezeka mu mtedza ndi m'mafuta ophikira alibe vuto.

Ndi zitsamba ziti zimene zimafooketsa mankhwalawa?

Chimene umboni wake ndi wolimba kuposa zonse ndi St John's wort, chomera cha maluwa achikasu cha ku Ulaya chimene anthu amamwa pofuna kuchepetsa kukhumudwa. M'chomerachi muli chinthu chotchedwa hyperforin chimene chimachititsa chiwindi kupanga maenzaimu ambiri, ndiwo mapuloteni ophwanya mankhwala, makamaka otchedwa CYP3A4 ndi CYP2C9. Chimachulukitsanso puloteni ya m'matumbo yotchedwa P-glycoprotein imene imabweza mankhwala kuti asalowe m'magazi. Zotsatira zake n'zakuti warfarin amachotsedwa m'thupi msanga, INR imatsika, ndipo wodwala amakhala wosatetezeka ngakhale akumwa mapiritsi ake mokhulupirika. M'chaka cha 2000 akuluakulu oyang'anira mankhwala ku Britain anachenjeza za chomerachi, ndipo ku Ireland chinayamba kuperekedwa pokhapokha dokotala atalemba. Mphamvu yake imakula pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo imathanso pang'onopang'ono munthu akasiya kumwa.

Ginseng wa ku America anayesedwa mwadongosolo pa yunivesite ya Chicago, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2004 zinasonyeza kuti mwa anthu 20 athanzi amene anapatsidwa warfarin, amene anamwanso ginseng INR yawo inatsika. Za coenzyme Q10, amene kapangidwe kake kamafanana ndi ka vitamini K2, pali malipoti a odwala ochepa amene INR yawo inatsika, koma kafukufuku sanagwirizane. Tiyi wobiriwira wa kapu imodzi kapena ziwiri alibe kanthu. Wodwala wotchuka m'mabuku a zachipatala amene INR yake inagwa ankamwa malita angapo pa tsiku.

Nanga zimene zimakweza INR?

Zitsamba ziwiri za ku China, danshen ndi dong quai, zalembedwa mobwerezabwereza kuti zinakweza INR ndi kuchititsa odwala kukha magazi, ndipo zimapezeka m'zosakaniza zambiri zimene amati ndi zothandiza mtima kapena msambo. Zipatso za goji, glucosamine amene anthu okalamba amamwa chifukwa cha mawondo, ndi mafuta a CBD ochokera ku chamba, amene amachedwetsa CYP2C9, nazonso zili m'gulu lomweli. Turmeric, muzu wachikasu umene umapereka mtundu ku ufa wa kale (curry), ndi chitsanzo chabwino cha kusiyana kwa chakudya ndi sapulimenti: kachidutswa kothira mu ndiwo si nkhani, koma mu 2018 bungwe la Medsafe la ku New Zealand linachenjeza za makapisozi ake pambuyo pakuti wodwala amene INR yake inali yokhazikika anaipeza itadutsa 10 patangopita masabata ochepa chiyambireni kuwamwa. Nkhani ya madzi a zipatso za cranberry ikuphunzitsa kusamala kwa mtundu wina. Ku Britain kunatuluka chenjezo mu 2003 potsatira malipoti angapo, kuphatikizapo a munthu amene anamwalira, koma kafukufuku wotsatira anapeza kuti mlingo wapakatikati susintha INR kwenikweni. Lipoti la wodwala mmodzi silitsimikizira kuti chitsamba ndicho chinalakwa, pakuti wodwalayo mwina ankadwalanso matenda ena kapena anali atasiya kudya. Komanso kafukufuku wa anthu athanzi owerengeka sangatsimikizire kuti nkhalamba ya chiwindi chofooka ili pabwino. Pakati pa maumboni awiri operewerawa, madokotala amasankha kuchenjeza, ndipo ndi kusankha koyenera.

Kodi adyo, jinja, ginkgo ndi mafuta a nsomba ndi zoopsa monga zimanenedwera?

Zinayi zimenezi zimatchulidwa kwambiri, koma umboni wake ndi wofooka kuposa mbiri yake. Zonse zimafooketsa mapulateleti pamlingo wina zikayesedwa mu labotale, koma adyo ndi jinja wothira m'chakudya kapena mu tiyi sanasonyezedwe kuti amavulaza womwa warfarin. Nkhawa ili pa makapisozi ndi pa chizolowezi chomeza adyo wambiri wosaphika pofuna kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Mafuta a nsomba pa mlingo wamba sanachulukitse kukha magazi koopsa m'kafukufuku wamkulu, ngakhale kuti pa magalamu 4 pa tsiku panaoneka kukwera pang'ono. Ginkgo anayesedwa ku United States pa okalamba oposa 3,000, ndipo zotsatira za mu 2008 zinasonyeza kuti sanateteze matenda oiwalaiwala, sanachulukitsenso kukha magazi moonekeratu; koma omwa warfarin sanaloledwe kulowa m'kafukufukuyo, choncho zotsatirazo sizingawalimbitse mtima. Chovuta chenicheni cha gulu limeneli n'chakuti INR siiyeza ntchito ya mapulateleti. Wodwala akhoza kukhala ndi INR ya 2.5, dokotala n'kukhutira, pamene chiopsezo chakwera chifukwa cha kuunjikana kwa zinthu zingapo, makamaka ngati pa warfarin, ginkgo ndi mafuta a nsomba wawonjezerapo aspirin, ibuprofen kapena diclofenac wogula pa golosale, mankhwala opha ululu amene amakandanso m'mimba. Khungwa la mtengo wa willow, limene limagulitsidwa ngati chopha ululu chachilengedwe, lili ndi chinthu chofanana ndi aspirin ndipo liyenera kuwerengedwa chimodzimodzi.

Kodi mankhwala atsopano sanathetse mavuto onsewa?

Anathetsa limodzi lokha. Dabigatran, rivaroxaban, apixaban ndi edoxaban amagwira puloteni imodzi youndanitsa magazi mwachindunji osadzera pa vitamini K, motero masamba ndi vitamini K sizikhudza mphamvu yawo, ndipo safuna kuyezetsa INR mwezi ndi mwezi. Koma onse amadutsa pa P-glycoprotein, ndipo rivaroxaban ndi apixaban amaphwanyidwanso ndi CYP3A4, choncho St John's wort amawafooketsa. Zofooketsa mapulateleti nazonso zimawonjezera kukha magazi monga zimachitira pa warfarin. Kusayezetsa kumene kumaoneka ngati mwayi kuli ndi mbali yake yoipa, chifukwa palibe nambala imene ingachenjeze msanga kuti mankhwala achepa mphamvu. Ndiponso si onse angasamukire ku mankhwala atsopanowa. Amene ali ndi mavavu achitsulo amayenera kukhalabe pa warfarin, ndipo kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022, amene anatsatira odwala oposa 4,500 a ku Africa, Asia ndi Latin America, anapeza kuti mwa anthu amene mtima wawo umagunda mosokonezeka chifukwa cha mavavu owonongeka ndi nyamakazi ya mtima, omwa mankhwala a gulu la warfarin anamwalira ochepa kuposa omwa rivaroxaban. Popeza nthendayi, imene imayamba ndi zilonda za pakhosi zosachizidwa paubwana, ndi yofala kum'mwera kwa Sahara, warfarin akhalabe m'zipatala za chigawo chino kwa nthawi yaitali. M'zipatala zomwezo amakumananso ndi rifampicin wa TB, amene amamufooketsa kwambiri, ndi cotrimoxazole, metronidazole ndi fluconazole, amene amamuwonjezera mphamvu.

Kodi zolembedwa pa botolo zingadaliridwe?

Osati kotheratu. Ku United States, kumene masapulimenti ambiri amachokera, lamulo la mu 1994 limalola kuti agulitsidwe popanda kuyamba atsimikiziridwa kuti amagwira ntchito monga zimakhalira ndi mankhwala, ndipo mphamvu ya chitsamba chimodzi imasiyana malinga ndi kampani, nthaka ndi kakololedwe. Nthawi zina m'botolo mumapezeka zosalembedwa. PC-SPES, chosakaniza cha zitsamba chimene amuna odwala khansa ya prostate ankamwa, chinachotsedwa pa msika mu 2002 chitapezeka kuti chinali ndi warfarin weniweni. Mankhwala a kwa sing'anga ndi a m'mabotolo opanda chizindikiro ndi ovutirapo, osati chifukwa onse ndi oipa, koma chifukwa palibe amene anganene zimene zilimo ndi kuchuluka kwake, ndipo botolo la mwezi uno silifanana ndi la mwezi watha. Kwa mankhwala a mpata wopapatiza ngati warfarin, kusadziwika kumeneku pakokha ndi chifukwa chokwanira chowapewera.

Munthu amene akumwa kale sapulimenti limodzi ndi warfarin asiye lero lomwe?

Asasiye payekha asanakambirane ndi dokotala kapena katswiri wa ku famase, pokhapokha ngati akukha magazi. Ngati wakhala akumwa chinthucho kwa miyezi, mlingo wake wa warfarin unakonzedwa chinthucho chili m'thupi, ndipo kuchichotsa mwadzidzidzi ndi kusintha kofanana ndi kuchiyamba. Amene anakwezeredwa warfarin chifukwa cha St John's wort, mwachitsanzo, akasiya chitsambacho chiwindi chimabwerera pa liwiro lake m'masabata awiri, ndipo mlingo womwe uja umasanduka wochuluka moopsa. Njira yabwino ndi kunyamula mabotolo onse popita ku chipatala, kugwirizana tsiku losiyira, ndi kuyezetsa INR patapita masiku ochepa kenako mobwereza kufikira itakhazikika. Kumwa sapulimenti m'mawa ndi warfarin madzulo sikuthandiza, popeza kusokonezanaku kumachitikira m'chiwindi ndi m'magazi kwa masiku, osati m'mimba kwa maola. Opaleshoni ikayandikira, madokotala ogonetsa odwala amalangiza kusiya zitsamba pafupifupi masabata awiri isanachitike, koma za kuimitsa kapena kupitiriza mankhwala oletsa kuundana, ngakhale pozula dzino, amagamula ndi dokotala yekha.

Ndi zizindikiro ziti zimene zimafuna kuthamangira ku chipatala?

Kumbali ya kukha magazi, zoopsa ndi mkodzo wofiira kapena wakuda, kusanza magazi kapena zinthu zakuda zonga masese a khofi, kamfuno wosaleka patatha mphindi 10 mphuno itatsinidwa, msambo wochuluka modabwitsa, zigamba zakuda zazikulu pakhungu popanda kugundidwa, ndi mutu wopweteka kwambiri wobwera mwadzidzidzi kapena wotsagana ndi kusokonezeka maganizo. Womwa mankhwalawa akagwa n'kumenyetsa mutu ayenera kuonedwa ngakhale akudzimva bwino, chifukwa magazi akhoza kudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza kwa maola kapena masiku. Kumbali ya kuundana, zizindikiro ndi kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi, kubanika kapena kupweteka pachifuwa mwadzidzidzi, kupotoka kwa nkhope, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, ndi kulephera kulankhula bwino. Chimbudzi chakuda chimafuna chidwi chapadera, pakuti mapiritsi a ayironi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, ndipo wodwala akhoza kuganiza kuti ndi mapiritsiwo pamene m'mimba mukutuluka magazi. Chimbudzi cha magazi chimakhala chakuda bii, chomata ngati phula ndi chonunkha kwambiri, ndipo kawirikawiri chimatsagana ndi chizungulire, kufooka kapena kugunda kwa mtima mothamanga; pamene pali chikayiko, kuyeza magazi ndi INR tsiku lomwelo ndiko kumasiyanitsa.